Pikapu yokoka thelera: werengani matumba musanawerenge ndalama

CHAKA ndi chaka, fodya akayamba kutuluka m'zigafa ndipo soya ndi mtedza zikalowa m'matumba, nkhani ya mayendedwe imavuta m'boma la Mchinji. Mlimi wa ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Mikundi amakhala ndi katundu pakhonde, koma galimoto ya hayala imabwera tsiku limene mwini wake wafuna ndiponso pa mtengo umene mwini wake wafuna. Mavenda amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amafika ndi sikelo yawo pakhomo pomwe. Motero n'zosadabwitsa kuti eni maesiteti ang'onoang'ono, makalabu ndi makopaletivu amene apezako kangachepe akuganiza zogula pikapu yawoyawo n'kuimangirira thelera kumbuyo, kuti ulendo umodzi uzinyamula katundu wa maulendo awiri kapena atatu.

Maganizowa ndi abwino. Koma ndalama yogulira galimoto mlimi saipeza kawirikawiri, makamaka kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akalakwitsa kusankha, thukuta la zaka zingapo lapita. Ndipo si ndalama zokha ayi. Aliyense amene anadutsapo pa Kamwendo, pa Waliranji kapena pa Namitete tsiku la msika akudziwa m'mene akabaza, ana ndi amayi osenza madengu amadzadzira m'mbali mwa msewu wa M12. Matani asanu akakana kuima pamalo otere, maliro sakhala amodzi.

Za ku America tiziiwale kaye

Achinyamata a m'banja akamva kuti bambo akufuna galimoto yokoka katundu wolemera, amayamba kuonetsa pa foni zithunzi za zimphona za ku America monga Ford F-350, Ram 3500 ndi Chevrolet Silverado 3500. N'zoona, zina mwa izo zimakoka matani oposa khumi. Koma zimatuluka m'fakitale chiwongolero chili kumanzere pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo chitsulo chake chikathyoka simudzachipeza pa Mchinji boma, ngakhale ku Chipata kapena ku Lilongwe, popanda kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Galimoto yoima miyezi iwiri pa nthawi ya okushoni siili yamphamvu.

Zimene mlimi wa kuno angasankhepo ndi za tani imodzi zija tinazizolowera: Toyota Hilux, Isuzu D-Max imene kale inkadziwika kuti KB, Ford Ranger, Nissan Navara, Mitsubishi Triton, Mahindra, kapena Land Cruiser 79 kwa amene thumba lawo n'lakuya. Zambiri zimachokera ku South Africa: Hilux imapangidwa ku Durban, Ranger ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha, mzinda umene unkatchedwa Port Elizabeth. Zatsopano zokhala ndi injini yaikulu zimaloledwa kukoka thelera yolemera mpaka makilogalamu 3,500. Koma dzina lokha lisakupusitseni. Hilux ziwiri zofanana penti ndi maonekedwe zikhoza kusiyana kutali pa zimene zimaloledwa kukoka, malinga ndi chaka, injini ndi giyabokosi. Zakale ndi za injini yaing'ono zimatsika kwambiri. Nambala yoona ili m'buku la galimotoyo, osati m'kamwa mwa wogulitsa.

Manambala atatu

Tsegulani chitseko kapena boneti, mupeze kachitsulo kolembedwa kamene fakitale inakhomapo. Pamodzi ndi buku la galimoto, kachitsuloka kamakuuzani zinthu zitatu. Choyamba ndi GVM, kutanthauza kulemera kumene galimotoyo siyenera kupyola itanyamula chilichonse: dizilo, anthu, katundu. Chachiwiri ndi kulemera kwa thelera imene ingakoke. Chachitatu, chimene ogulitsa sakonda kuchitchula, ndi GCM, kulemera kwa zonse pamodzi, galimoto ndi thelera yomwe.

Tiyeni tichite masamu a m'matumba. Tiyerekeze double cab yolemera makilogalamu 2,100 ili yopanda kanthu, GVM yake 3,000, GCM yake 5,850, yololedwa kukoka 3,500. Manambalawa sali kutali ndi a pikapu zambiri za masiku ano. Mukamangirira thelera ya 3,500, pa 5,850 paja patsala 2,350. Chotsanipo kulemera kwa galimoto, patsala makilogalamu 250 basi. Dalaivala, womuthandiza, jeke, zipangizo ndi chitsulo chokokera zamaliza 250 ameneyo. Ndiye kuti kumbuyo kwa pikapu sikuyenera kukhala thumba ngakhale limodzi. Thelera yaikulu chotere payokha ikhoza kulemera makilogalamu 900, choncho katundu weniweni ndi 2,600, omwe ndi matumba 52 a makilogalamu 50.

Mwina mukuti, ndichepetse m'thelera kuti ndipakireko m'galimoto. Chabwino. Thelera yonse ikhale 2,500, kutanthauza matumba 32. Apa pakubwera chinthu china chimene ambiri amaiwala: gawo lina la kulemera kwa thelera limatsamira pa chitsulo chokokera, ndipo limeneli amanyamula ndi matayala a m'mbuyo a pikapu. Kawirikawiri limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, apa tinene 250. Pa GVM ya 3,000 chotsani 2,100 ya galimoto, 250 ya anthu ndi zipangizo, ndi 250 ya mphuno ya thelera. Patsala 400, matumba asanu ndi atatu. Onse pamodzi akwana matumba 40.

Amene amayembekeza matumba 20 m'galimoto ndi ena 60 m'thelera akhumudwa ndi masamuwa, koma ndi bwino kukhumudwa papepala kusiyana ndi kukhumudwa pamsewu. Ndiponso manambala a fakitale anayesedwa pa tala wosalala. Msewu wa fumbi wokhala ndi mabampu, wotsikira kudambo n'kukweranso, umafuna kuti musiyeko mpata. Tsamba lino likuona kuti thelera ya matani awiri ndi theka ndiyo yoyenera pikapu zathuzi tsiku ndi tsiku.

Pali chizolowezi chowonjezera masipuling'i kuti galimoto isakhale pansi. Galimoto imaoneka yowongoka ndithu, koma mabuleki ndi omwe aja, ekiselo ndi yomwe ija, ndipo GVM siinasinthe. Chimene chimasintha n'chakuti kulemera kumapita ku chasisi, ndipo double cab zambiri zimathyokera kuseri kwa kabini kaamba ka zimenezi. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, gonani pansi ndi tochi muone malo amenewa. Mukaona pootcherera kapena penti yatsopano pa chasisi, tsanzikani mwaulemu. Zochokera ku Britain muziyang'anitsitsa dzimbiri chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira.

Kwa mlimi, single cab imaposa double cab. Ndi yopepukirapo choncho imasiya mpata wa katundu, kumbuyo kwake n'kwakutali, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Double cab ndi ya amene akufunanso kunyamula banja popita ku tchalitchi, ndipo mipando imeneyo amailipira ndi matumba.

Ng'ombe ya pagoli, osati galu wosaka

Pokoka, liwiro lilibe ntchito. Chofunika ndi mphamvu yodzutsa katundu ataima ndi kumukweza chitunda injini isakulira kwambiri, monga ng'ombe ya pagoli imachitira. M'buku mphamvu imeneyi amailemba ndi zilembo Nm. Hilux ya 2.4 GD-6 yamphamvu ili ndi 400, ya 2.8 GD-6 ya kuyambira 2020 ili ndi 500 ikakhala ya otomatiki, D-Max ya 3.0 yatsopano ili ndi 450, Ranger ya 3.2 ili ndi 470, pamene Hilux yakale ya 3.0 D-4D ili ndi 343. Injini yotchuka ya 1HZ ya mu Land Cruiser, imene amakanika athu amaikonda chifukwa siivuta kukonza, ili ndi 285 chabe. Imafika kumene ikupita, koma ndi thelera yodzadza konzekani kuyenda ngati muli pa maliro.

Palinso nkhani ya mpweya. Mchinji ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pamtunda wotere. Ya turbo siitaya kwambiri. Koma injini zamakonozi zili ndi vuto lawo: ma injector ake safuna dizilo wa madzi kapena wa zinyalala. Mafuta akasowa pa filling station, monga zakhala zikuchitikira kangapo kuyambira 2022, chiyeso chogula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu chimakula, makamaka kufupi ndi malire. Chigubu chimodzi choipa chikhoza kudya phindu la maekala angapo. Ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi ndi dizilo, ndipo muziisintha pa nthawi yake.

Za 4x4, ambiri amaganiza matope okha. Phindu lake lalikulu pokoka ndi giya yotsika ija ya 4L. Kudzutsa matani asanu pa mchenga wa pakhomo kapena pokwera kuchokera kudimba ndi giya wani wamba kumaotcha kilatchi, ndipo fungo lake aliyense wa matola amalidziwa. Ndi 4L galimoto imadzuka pang'onopang'ono popanda kuvutitsa kilatchi. Mukafika pa tala bwererani ku 2H, chifukwa pikapu zambiri sizinapangidwe kuyenda pa tala matayala anayi onse akukoka. Otomatiki imakoka bwino ndipo ilibe kilatchi yopsa, koma oyilo wake amatentha pokwera zitunda, siikankhidwa batire likafa, ndipo ikawonongeka ndi ulendo wa ku Lilongwe. Amene amakhala kutali ndi tala angachite bwino kukhala pa giya ya pamanja.

Thelera ndi theka la nkhani

Amisiri athu ootcherera ndi aluso. Ekiselo ya galimoto yakufa amaisandutsa ngolo ya ng'ombe yokhala zaka makumi awiri. Koma ngolo ya ng'ombe imayenda pa liwiro la munthu wa pansi, ndipo luso lomwelo silikwanira pa thelera yothamanga pa M12. Thelera yopanda mabuleki, pikapu iliyonse, ngakhale yaikulu bwanji, imaloledwa kukoka makilogalamu osapyola 750, kuphatikiza kulemera kwa thelerayo. Amenewo ndi matumba khumi kapena kuchepera. Nambala ya 3,500 ija ndi ya thelera yokhala ndi mabuleki akeake. Zambiri za kuno zimakhala ndi mabuleki ogwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, thelera imakankha chitsulo cha kumphuno kwake, chitsulocho n'kukoka mabuleki a matayala ake. Popanda zimenezi, thelera yolemera kuposa galimoto imaikankha mpaka kuipingasa pamsewu.

Amene amangoyenda pakati pa Mchinji ndi Kanengo, kapena kudzera pa Kapiri ndi Santhe kupita ku Chinkhoma, ali ndi mwayi chifukwa dera limeneli n'lathyathyathya. Koma amene akulota zokagulitsa ku Lusaka akumbukire mapiri a pakati pa Nyimba ndi Rufunsa, kumene msewu umatsikira ku mlatho wa Luangwa ndi kukweranso mokhotakhota. Chimodzimodzi potsikira ku Salima. Pamalo otere tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera, osati kupondereza buleki mpaka kununkha.

Chitsulo chokokera, tow bar, chimangidwe ku chasisi ndi mabauti, ndipo chikhale ndi nambala yosonyeza kulemera kumene chingapirire. Chootcherera ku bampala ndi msampha. Mpira wake ndi wa mamilimita 50, ndipo chogwirira cha thelera chikhale cha saizi yomweyo. Unyolo wotetezera usasowe, magetsi onse a kumbuyo aziyaka.

Kapakiridwe nako kamapha. Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo pang'ono. Mukaunjika kumbuyo, mphuno imapepuka ndipo liwiro likakwera thelera imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku. Ikayamba kutero, musaponde buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero chowongoka, liwiro litsike lokha, kenaka imani mukonze katundu. Mabelo a fodya ndi ovuta mwa njira ina: belo limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 100 koma limatenga malo, ndiye anthu amasanja mpaka m'mwamba. Thelera yaitali m'mwamba siichedwa kugudubuka pokhota kapena thiraki ikadutsa ndi mphepo yake. Ng'ombe nazo zimasuntha m'kati, choncho zimafuna thelera ya maekiselo awiri yokhala ndi zotchinga.

Pa matayala, werengani zolembedwa m'mbali. Tayala lonyamula katundu limakhala ndi chilembo C kapena LT. Nambala yotsatira saizi imanena kulemera kumene tayala limodzi linganyamule: 100 ndi makilogalamu 800, 104 ndi 900, 112 ndi 1,120. Palinso manambala anayi onena nthawi imene linapangidwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala a kaunjika amaoneka ndi mano abwino koma ambiri ndi okalamba, ndipo amaphulika dzuwa la mu Okutobala likatentha tala.

Mapepala ndi pachipata

Laisensi ya kalasi B imakulolani kuyendetsa pikapu ndi thelera yosapyola makilogalamu 750. Kupyola apo pamafunika kalasi yokhala ndi chilembo E, imene mumakayesedwa ku Road Traffic. Thelera nayo ndi galimoto pamaso pa lamulo: iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yakeyake, COF ndi inshulansi. Musaichepetse nkhaniyi. Ngozi ikachitika, a inshulansi amayamba kufunsa laisensi ya dalaivala ndi kulemera kwa katundu, ndipo akapeza chosalongosoka akhoza kukana kulipira. Zikatero mlandu wonse umagwera mwini galimoto, kapena mamembala onse a kalabu ngati galimotoyo ndi ya gulu.

Chipata cha Mchinji, chimene anzathu a ku Zambia amachitcha Mwami, chili makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa boma. Mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula nyumba zatsopano zimene zimalola kuti munthu aime kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Kuima kunachepa koma mapepala sanachepe. Wotuluka ndi galimoto amafunika blue book ya pikapu ndi ya thelera, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si zakuba, ndi kalata ya mwini ngati woyendetsa ndi wina kapena galimoto ikadali pa ngongole ya banki. Inshulansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito m'maiko onse awiri. Poigula nenani kuti muli ndi thelera kuti ilembedwe. Ku mbali ya Zambia kuli misonkho yawo monga wa utsi wa galimoto ndi wa msewu, ndipo izi zilowe m'masamu a ulendo.

Za katundu, kuyambira 2010 Malawi ndi Zambia ali ndi ndondomeko ya COMESA yothandiza amalonda ang'onoang'ono, imene imalola katundu wa pa mndandanda wogwirizana, wa mtengo wosapyola madola 2,000 a ku America, kudutsa ndi fomu yosavuta popanda msonkho wa kasitomu wolowetsera. Thelera yodzadza soya kapena mtedza wosenda ikhoza kupyola malire amenewa, ndiye amene wakulitsa galimoto adziwe kuti mwina wakulitsanso mapepala. Mbewu zambiri zimafunanso chilolezo cha Unduna wa Zamalonda ndi kalata ya a zaulimi yotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo ziletso zotulutsa chimanga zimabwera ndi kupita mbali zonse ziwiri. Safunsa anadya phula: fikani pachipata mufunse musanapakire. Njira za kutchire zimene zili mbwee m'malire muno zathetsa magalimoto a anthu ambiri, chifukwa akakugwirani salanda katundu yekha.

Ena amakopeka ndi pikapu zotsika mtengo ku Chipata kapena ku Lusaka. Galimoto ya nambala ya ku Zambia siikhala yanu mokwanira kuno mpaka msonkho utalipidwa ku MRA ndipo italembetsedwa. Funsani msonkho musanapereke ndalama, ndipo yerekezani nambala ya pa chasisi ndi ya pa injini ndi zimene zili m'mapepala, chilembo ndi chilembo.

Nanga bwanji kalole?

Funso ili liyenera kufunsidwa ngakhale lisokoneza maloto. Kalole ka matani atatu monga Canter, Dyna kapena Isuzu Elf kamanyamula matumba 60 popanda thelera, popanda tow bar, ndiponso popanda luso lobwerera m'mbuyo ndi ngolo pakati pa mathiraki a ku Kanengo. Zitsulo zake zimapezeka ku Lilongwe mosavuta. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kutuma matumba ndi mabelo pa tala, kalole kamaposa pikapu ndi thelera, ngakhale kamafuna laisensi ya C1. Kufooka kwake ndi nyengo ya mvula: kalole kopanda katundu kamaterereka ngakhale pa matope ochepa, ndipo misewu yambiri ya kumidzi ya Mchinji kuyambira Januwale mpaka Malichi siikafuna.

Pikapu ndi thelera zimapambana kwa mlimi amene miyezi isanu ndi itatu ya pachaka amangofuna galimoto yonyamula feteleza, mbewu, antchito ndi odwala, ndipo katundu wolemera amabwera miyezi inayi yokha. Thelera imagona pansi pa mtengo wa mango osamwa dizilo, osadya matayala. Nthawi yokolola ikafika masamu ake amaoneka. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 240, kupita ku Kanengo ndi kubwerera ku boma. Pikapu yokha itamwa malita 11 pa makilomita 100, maulendo awiri a matumba 20 adya malita 53. Ndi thelera, ngakhale itamwa malita 15, matumba 40 omwewo afika ndi malita 36, tsiku limodzi. Ikani manambala a galimoto yanu ndi mtunda wanu, muone ngati kusiyanako kungabweze mtengo wa thelera m'zaka zingati.

Mukasankha, musalipire musanayese. Pitani ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa, ndipo fikani m'mawa injini isanalizidwe kuti muone utsi wake woyamba. Pemphani kumangirira thelera yokhala ndi katundu. Imani kumbali muone ngati kumbuyo kwakhala pansi ndipo mphuno yaloza kumwamba. Yendani makilomita 20 kapena kuposa, pezani chitunda, imani pakati pake n'kudzukanso, diso lili pa muvi wa kutentha kwa injini. Pamalo opanda anthu, pondani buleki pa liwiro la makilomita 40 muone ngati zonse ziwiri zikuima mowongoka. Mukabwerera gwirani malimu a thelera: akhale ofunda mofanana mbali zonse. Lina likakhala lozizira ndiye kuti buleki yake siikugwira, likaotcha dzanja ndiye kuti buleki ikukanirira kapena bering'i yatha.